Manambala 6 ofotokoza njira ya setilaiti: thandizeni pa TLE ya ISS

Chokopabolodi

Akuluakulu, ndili ndi mafunso atatu olumikizana. Ndatenga pa webusaiti ya CelesTrak TLE ya ISS, siteshoni ya m'mlengalenga yozungulira Dziko. TLE ndi mizere iwiri yodzaza manambala ofotokoza njira ya setilaiti. Pa mzere wachiwiri pali 51.64, kenaka ngodya ina, kenaka nambala yopanda kadontho yooneka ngati 0005000, ngodya zina ziwiri, ndipo kumapeto 15.50 ndi mchira wautali wa manambala. Ndawafupikitsa kuti tisavutike.

Loyamba: mabuku amati njira ya chinthu chozungulira chinzake imafotokozedwa ndi manambala 6. Bwanji 6, osati 5 kapena 7? Lachiwiri: kutalika kwa ISS kuchoka pansi sikunalembedwe paliponse, ndiye kumapezeka bwanji? Lachitatu ndi limene likusokoneza kwambiri. Manambalawa akaikidwa mu Excel ndi malamulo a Kepler, zotsatira zimayandikana ndi za webusaiti ya Heavens-Above m'maola oyamba, koma pakatha masabata awiri zimasemphana kotheratu, chonsecho fomula ndi yomweyo. Chimasintha n'chiyani?

Nthanda

Aphunzitsi, ine nditenga loyambalo.

Kuti muloze pamene chinthu chili m'mlengalenga pafunika manambala atatu, x, y ndi z. Kuti munene kumene chikulowera ndi liwiro lake pafunika enanso atatu. Mukadziwa 6 amenewa pa nthawi imodzi, zotsala zonse imalamula ndi mphamvu yokoka ya Dziko. Manambala a Kepler ndi 6 omwewo, angosanjidwa mochenjera kuti asanu akhale osasintha, imodzi yokha ndiyo iziyenda ndi nthawi. Mu 1801 Giuseppe Piazzi anapeza Ceres n'kuiona masabata ochepa chabe isanabisike m'kuwala kwa Dzuwa. Carl Friedrich Gauss anawerengera njira yake, ndipo inapezekanso kumapeto kwa chaka chomwecho pafupi ndi pamene iye ananena. Kawerengedwe ka Gauss kamafuna kuona chinthu katatu, ndipo kuona kulikonse kumapereka ngodya ziwiri. Ndi 6 uja wabweranso.

Awiri oyamba amanena kukula ndi kaumbidwe. Semi-major axis, imene timailemba a, ndi theka la mzere wautali kwambiri wodutsa pakati pa ellipse, njira yozungulira koma yotalikirako mbali imodzi. Eccentricity, e, imanena m'mene njirayo yaswekera kuchoka pa kuzungulira kwenikweni: 0 ndi yozungulira bwinobwino, ikamayandikira 1 njira imaonda n'kutalika. Dziko silikhala pakati pa ellipse. Limakhala pa focus, mtunda wa a × e kuchoka pakatipo. Choncho poyandikira kwambiri, pa perigee, mtunda ndi a(1 − e), ndipo potalikira kwambiri, pa apogee, ndi a(1 + e). Mitunda yonseyi imayezedwa kuchoka pakatikati pa Dziko, osati pa nthaka imene tapondayi.

Ngati mukufuna ana aione ndi maso, khomani misomali iwiri pa thabwa motalikirana 2ae, mangani ulusi nsonga ndi nsonga kuti kuzungulira kwake kukhale 2a(1 + e), ukoleni pa misomaliyo, muukunge ndi pensulo n'kuzunguliza. Pa a wa masentimita 20 ndi e wa 0.5, misomali italikirane masentimita 20, ulusi ukhale wa 60. Musatenge ulusi wolukira juzi, umatanuka ndipo ellipse imatuluka yopotoka.

Atatu otsatira amanena m'mene njirayo yakhalira m'mlengalenga, ndipo apa ndi pamene ambiri amasochera. Thirani madzi m'beseni lalikulu, mizani lichero theka mopendeketsa. Pamwamba pa madzi ndi ikweta itatambasulidwa mpaka kumwamba, mkombero wa lichero ndi njira ya setilaiti. Kupendekeka kwa lichero ndiye inclination, 51.64 wanu uja. Mkombero ukukhudza madzi malo awiri, amenewo ndi ma node. Pamene setilaiti imavuuka, kuchoka kummwera kwa ikweta kulowa kumpoto, ndi ascending node. Tsopano yendetsani lichero mozungulira beseni osasintha kupendekeka kwake: mukusintha RAAN, ngodya yachiwiri pa mzere wanu. Imayezedwa pa ikweta kulowera kum'mawa, kuyambira kumene Dzuwa limakhala likamadutsa ikweta cha pa 20 Malichi. Pomaliza chongani mkombero ndi khala pamalo amodzi, pakhale perigee, ndipo potolozani lichero ngati chiwongolero osasintha zina ziwiri zija. Chizindikiro cha khalacho chiyenda. Ngodya yochoka pa ascending node kufika pa chizindikirocho, kutsata kumene setilaiti ikulowera, ndi argument of perigee.

Yachisanu ndi chimodzi ndi mean anomaly, yonena pamene setilaiti inali pa mkomberowo pa nthawi yolembedwa pa mzere woyamba, yotchedwa epoch.

Chenjerani ndi RAAN. Si longitude ya pa mapu ayi. Imayezedwa potengera nyenyezi, pamene Dziko likutembenuka pansi pake kamodzi pa maola 23, mphindi 56 ndi masekondi 4. Kuti mupeze longitude muyenera kuchotsera sidereal time ya Greenwich pa nthawi imeneyo, ndiyo ngodya imene Dziko latembenuka potengera nyenyezi. Inclination yokha ndiyo imawerengeka mosavuta pa mapu: ISS sipitirira madigiri 51.6 kumpoto kapena kummwera. Anasankha ngodya imeneyi kuti maroketi ochoka ku Baikonur, ku Kazakhstan, azitha kuifikira. Malawi ali pakati pa madigiri 9 ndi 17 kummwera, n'chifukwa chake imatidutsa pamutu.

Kampasi

Lachiwiri ndi masamu chabe. Kutalika kwabisala mu 15.50 uja, amene ndi mean motion, kutanthauza maulendo ozungulira Dziko pa tsiku.

Gawani masekondi 86,400 ndi 15.50, mupeza 5,574, kapena kuti mphindi 92.9 pa ulendo umodzi. Kenaka n, ngodya yoyenda pa sekondi m'ma radian (2π ndi madigiri 360), ndi 2π ÷ 5,574 = 0.0011272. Lamulo lachitatu la Kepler limati a³ = μ ÷ n², ndipo μ, nambala yoimira mphamvu yokoka ya Dziko, ndi 398,600.4 mukamagwiritsa ntchito makilomita ndi masekondi. Cube root yake ikupatsani a = makilomita 6,795. Chotserani 6,378, mtunda wochoka pakati pa Dziko kufika pa ikweta, mutsala ndi 417.

Nambala yopanda kadontho ija ndi eccentricity. Kadontho sakalemba, mumakaika nokha kumayambiriro, ndiye 0005000 ndi 0.0005. Excel imakonda kudya maziro akutsogolo n'kusiya 5000, wina n'kuwerenga 0.5, ISS n'kupezeka ili pansi pa nthaka theka la ulendo. Uzani Excel kuti selo imeneyo ndi text musanaikemo kanthu. Ndi e wa 0.0005, a × e ndi makilomita 3.4, choncho perigee ili cha pa 413 ndipo apogee cha pa 420.

Koma musadabwe mukaona pulogalamu ikuonetsa 430 kapena kuposa. Dziko ndi lophwatalala pang'ono: pa ikweta 6,378, kumapeto a kumpoto ndi kummwera 6,357. Pa madigiri 51.6 nthaka ili cha pa 6,365 kuchoka pakati, ndiye ISS ikafika kumeneko pansi pamaoneka patali ndi makilomita 13 ena. Kwa ISS, kaumbidwe ka Dziko kamasintha kutalika kuposa m'mene eccentricity imachitira.

Mzere uliwonse uli ndi malo 69, ndipo muziudula powerenga malo, osati potsata mipata. Pa mzere wachiwiri inclination ili pa malo 9 mpaka 16, RAAN 18 mpaka 25, eccentricity 27 mpaka 33, argument of perigee 35 mpaka 42, mean anomaly 44 mpaka 51, mean motion 53 mpaka 63. Mchira mukunena uja si mean motion yonse. Malo 64 mpaka 68 ndi chiwerengero cha maulendo amene yazungulira kale, ndipo chimamatirira ku mean motion popanda mpata. Malo 69 ndi oyesera ngati mzere wakopedwa bwino: phatikizani manambala onse a pa mzerewo kupatula ya pa 69 yomweyo, chizindikiro chochotsera chilichonse muchiwerenge 1, nambala yomaliza ya zotsatirazo ifanane ndi ya pa 69.

Epoch ili pa mzere woyamba, malo 19 mpaka 32. Mwachitsanzo 24015.50000000 ndi chaka cha 2024, tsiku la 15 ndi theka, ndiye 15 Januwale nthawi ya 12:00 UTC, imene kwathu kuno ndi 2 koloko masana. Pali mbuna ziwiri pamenepa. Tsiku 1.0 ndi chiyambi cha 1 Januwale, choncho mukaphatikiza 15.5 pa 1 Januwale mwapitirira ndi tsiku lathunthu. Ndipo mukaiwala maola awiri osiyanitsa UTC ndi nthawi yathu, ISS imene imathamanga makilomita 7.66 pa sekondi yazungulira kale Dziko n'kuyambanso ulendo wina. SIN ndi COS za Excel nazonso zimafuna ma radian, madigiri sizimva.

Mlalang'amba

Zikomo a Kampasi. Funso lachitatu, aphunzitsi, yankho lake n'lakuti fomula yanu ilibe vuto, koma ikufotokoza Dziko limene kulibe: lozungulira ngati mpira, lopanda mpweya. Pa Dziko lenileni manambala asanu "osasintha" aja amayenda.

Chachikulu ndi kutupa kwa Dziko pa ikweta kumene a Kampasi akhudza. Kukula kwake amakulemba J2, ndipo ndi 0.0010826. Kutupako kumakoka njira yopendekeka, koma m'malo moigonetsa pa ikweta kumaitembenuza, ma node n'kumatsetsereka. Pa njira yozungulira bwino, RAAN imasintha motere pa tsiku, m'madigiri: −9.964 × (6,378 ÷ a)^3.5 × cos i. Ikanimo 6,795 pa a ndi 51.64 pa i, inclination ija, mupeza pafupifupi −4.95. Ndiye kuti tsiku lililonse njira yonse ya ISS imasunthira kumadzulo madigiri asanu. Masabata awiri anu aja ndi madigiri 69. Excel yanu ikuiyembekezera pamwamba pa Lilongwe, iyo ili pakati pa Atlantic. Perigee nayo imayenda, madigiri 3.7 pa tsiku kulowera kutsogolo.

Chachiwiri ndi mpweya. Pa makilomita 400 ulipo wochepetsetsa, koma umakwana kuitsitsa pang'onopang'ono, makamaka Dzuwa likakhala lolusa n'kufufumitsa mpweya wakumwamba. Chodabwitsa n'chakuti setilaiti ikatsika imathamanga kwambiri, sichedwa. a akachepa ndi kilomita imodzi yokha, ulendo umafupika ndi masekondi 1.2, pa tsiku ndi masekondi 19, amene ndi makilomita pafupifupi 146 m'njira. Onjezani apo kuti nthawi ndi nthawi amayatsa injini kuikweza. Akatero TLE ya dzulo yatha ntchito pomwepo, ngakhale mukhale ndi masamu abwino chotani.

Chachitatu ambiri sachidziwa. Manambala a mu TLE si a Kepler enieni a pa sekondi imeneyo. Ndi apakatikati, osalazidwa dala kuti awerengedwe ndi njira yotchedwa SGP4, imene imabwezeramo timasinthasintha timene anachotsa. Kuwaika mu fomula ya Kepler kumabweretsa kusiyana kwa makilomita angapo ngakhale pa epoch penipeni, ndipo 6,795 wa a Kampasi mumutenge ngati wongoyandikira. Pa phunziro la m'kalasi akukwana. Pofuna kudziwa nthawi yodutsa, gwiritsani ntchito Gpredict, Stellarium kapena Skyfield ya Python, zonse zili ndi SGP4 m'kati, ndipo TLE ya ISS ikhale ya lero kapena ya dzulo. Nambala yake ndi 25544.

Ngati mukufunabe Excel, ndipo ine ndikuona kuti ndi yabwino pophunzitsira chifukwa mwana amaona sitepe iliyonse, onjezani maselo awiri osintha RAAN ndi perigee molingana ndi masiku apita. Kusemphana kwakukulu kuja kutha.

Kutupa komweku akatswiri anakusandutsa wantchito. Inclination ikapitirira madigiri 90, cos i imakhala ndi chizindikiro chochotsera, ma node n'kuyamba kulowera kum'mawa. Mukasankha bwino kutalika ndi kupendekeka, amayenda madigiri 0.9856 pa tsiku, ndendende m'mene Dzuwa limasunthira pakati pa nyenyezi. Landsat 8 ili pa makilomita 705 ndi madigiri 98.2 pa chifukwa chimenechi: imadutsa malo alionse nthawi yofanana ya m'mawa, ndiye zithunzi za nyanja ya Chilwa za zaka zosiyana zimayerekezeka popanda mithunzi kusokoneza.

Chokopabolodi

Zamveka bwino, zikomo nonse. Katsala kamodzi. Mean anomaly ndingaitenge ngati ngodya yeniyeni yochoka pa perigee, kapena equation ya Kepler ndi yosathawika?

Kampasi

Kwa ISS itengeni, simulakwa kwenikweni. Kusiyana kwa mean anomaly ndi ngodya yeniyeni, true anomaly, sikupitirira pafupifupi 2e m'ma radian. Apa ndi 0.001, makilomita 7, osakwana sekondi imodzi ya ulendo. Koma chizolowezi chimenechi musachisamutsire ku njira zoonda.

Mean anomaly, M, ndi wotchi chabe. Imayenda mofanana, madigiri 360 pa ulendo, pamene setilaiti yeniyeni imathamanga pa perigee n'kumazengereza pa apogee. Tengani njira ya Molniya ya ku Russia: ulendo wa maola pafupifupi 12, e cha pa 0.74, a cha pa makilomita 26,560. Ola limodzi chichokereni pa perigee, M ndi madigiri 30, kapena 0.5236 m'ma radian. Muyenera kupeza ngodya yothandizira, E, mu equation ya Kepler, M = E − e sin E. Palibe algebra yomutulutsa E yekha, mumachita kuyandikira: E watsopano = E − (E − e sin E − M) ÷ (1 − e cos E), kubwereza mpaka atasiya kusintha. Mupeza E = 1.218. Kenaka tan(ν/2) = √((1 + e) ÷ (1 − e)) × tan(E/2), ndipo ν, true anomaly ija, ndi madigiri 122. Wotchi ikuti 30, setilaiti yakhota kale 122, ndipo mtunda a(1 − e cos E) wafika cha pa makilomita 19,800 kuchoka pakati pa Dziko. Ola limodzi limenelo yamaliza gawo limodzi mwa magawo atatu a ngodya yonse, maola ambiri otsalawo ikawathera pamwamba pa kumpoto. Inclination yake ndi 63.4 chifukwa pa ngodya imeneyo J2 sisuntha perigee, ndiye apogee imakhalabe kumpoto chaka ndi chaka.

e akakhala wamkulu, kupitirira 0.8 kapena apo, yambani ndi E = π, osati E = M, chifukwa mwina kubwerezako kumadumphadumpha osakhazikika. Ndipo gwiritsani ntchito ATAN2 m'malo mwa ATAN, koma dziwani kuti ya Excel imafuna x poyamba kenaka y, mosemphana ndi ya Python.

Chinanso muona mukayerekeza ma TLE a masiku otsatizana: argument of perigee ndi mean anomaly za ISS nthawi zina zimadumpha madigiri makumimakumi. Palibe chawonongeka. Njira ikakhala pafupifupi yozungulira bwinobwino, perigee sidziwika bwino, kakusintha kakang'ono kamaitaya kutali. Phatikizani ziwirizo, ndiye mupeza ngodya yochoka pa node, imene ndi yodalirika.

Ma setilaiti a TV ali ndi vuto limeneli kawiri, chifukwa e ndi i zonse zili pafupi ndi ziro, ndiye node nayonso ilibe tanthauzo. Kumeneko anthu amangotchula longitude. a wake ndi makilomita 42,164, kutalika 35,786. Setilaiti yokhala pa madigiri 36 kum'mawa, munthu wa ku Lilongwe amaiona cha kumpoto, madigiri 73 kuchoka pansi, pafupifupi pamutu. Dishi imaoneka ngati yayang'ana mmunsi kuposa pamenepo chifukwa madishi ambiri a pakhomo ndi a offset, amalandira kuchokera madigiri opitirira 20 pamwamba pa kumene nkhope yake yaloza. Dzuwa ndi Mwezi zimakoka ma setilaiti amenewa moti inclination imakwera pafupifupi digiri imodzi pa chaka akapanda kuibweza ndi injini.

Nthanda

Ndiwonjezereko za mapulaneti, poti ana akafunsa ndithu. Manambala ndi 6 omwewo, koma madzi a m'beseni aja salinso ikweta. Ndi ecliptic, bwalo limene Dziko limayendamo pozungulira Dzuwa, lopendekeka madigiri 23.4 poyerekeza ndi ikweta. Kusakaniza ziwirizi kumataya chinthu kutali kwambiri. a amayezedwa mu AU, pafupifupi mtunda wa Dziko kuchoka pa Dzuwa, makilomita 149,597,870.7, ndipo lamulo lachitatu limaphweka: zaka² = a³. Mars ali pa 1.524, ndiye zaka 1.88, masiku 687. Nyenyezi ya mchira ya Halley ili ndi e wa 0.967 ndi inclination ya madigiri 162, kutanthauza kuti imayenda mosemphana ndi mapulaneti. Inafika pafupi ndi Dzuwa mu 1986, ibweranso mu 2061.

Zojambula za m'mabuku ambiri zimakokomeza njira ya Dziko. e wake ndi 0.0167 basi. Mukajambula pa bolodi ndi a wa masentimita 50, mbali yaifupi imachepa ndi mamilimita 0.07, kuchepera kunenepa kwa mzere wa choko. Chooneka n'chakuti Dzuwa lasuntha mamilimita 8 kuchoka pakati. Timayandikira Dzuwa kumayambiriro kwa Januwale, makilomita 147.1 miliyoni, n'kutalikira kumayambiriro kwa Julayi, 152.1 miliyoni. Kwathu kuno izi zimanyenga, chifukwa Julayi ndi wozizira ndithu, mwana n'kuganiza kuti mtunda ndiwo wachititsa. Mufunseni chifukwa chake Julayi yemweyo ku London kumatentha. Mtunda umasintha kuwala ndi 7 peresenti yokha, nyengo imabwera ndi kupendekeka kuja.

Ma node oyenda muwaonetse pa Mwezi. Njira yake yapendekeka madigiri 5.1 pa ecliptic, n'chifukwa chake kadamsana sachitika mwezi uliwonse: pafunika kuti Mwezi ukhale pafupi ndi node pa nthawi imene wafa kapena wakhwima. Ma node ake amabwerera mmbuyo n'kumaliza kuzungulira m'zaka 18.6, ndiye nyengo za kadamsana zimabwera pakapita masiku pafupifupi 173 ndipo chaka chilichonse zimafulumirako. Kadamsana wathunthu amene anadutsa ku Lusaka pa 21 Juni 2001 anagwa m'nyengo yotere.

Mukamatenga manambala a mapulaneti, pa webusaiti ya JPL Horizons kapena m'buku, onani zinthu ziwiri zolembedwa pamwamba pa tebulo. Poyambira pa 20 Malichi paja pamatsetsereka madigiri 1.4 pa zaka 100, choncho tebulo limanena chaka chimene ngodya zake zatengera. Masiku ano ndi J2000, kutanthauza chaka cha 2000, mabuku akale ndi 1950, ndipo kusiyana kwake ndi madigiri 0.7, kuposa kukula kwa Mwezi wathunthu. Onaninso ngati pakati asankha Dzuwa kapena barycenter, pakati pa kulemera kwa Dzuwa ndi mapulaneti onse, chifukwa a ndi e za chinthu chimodzi zimatuluka zosiyana pa ziwirizi. Pa phunziro lanu sankhani Dzuwa.